Kodi chitsime chathu cha ku Tafara chidikire 5G?

Funso: Ndine mayi wa ku Tafara, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, ndipo ndili mu komiti yoyang'anira chitsime cha m'dera lathu, cha pampu ya sola ndi mathanki awiri. Vuto lathu n'lakuti timadziwa kuti madzi atha anthu ataima kale pamzere ndi zigubu. Mwana wanga akuti tidikire 5G, netiweki yatsopano ya mafoni yothamanga kwambiri, poti Harare ikadzakhala mzinda wamakono zonse zizidzadziyendera zokha. Ena mu komiti akuti tigule Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti. Kodi njira zolumikizira zinthu popanda mawaya zikunenedwazi ndi ziti, nanga ingatithandize ife ndi iti?

Yankho: Mayi, musadikire 5G, ndipo ndalama zimene anthu amasonkha musakagulire Starlink chifukwa cha thanki. Zimene mukufunazo zikutheka lero lomwe, pa netiweki yomweyi imene mumatumizira ndalama pa EcoCash. Koma mnyamata wanu sanaphonye zonse ayi, ndiye ndiloleni ndifotokoze mofatsa, kuti mukakakhala pansi ndi anzanu a mu komiti mukhale ndi poyambira.

Tiyambe ndi thankiyo. Ili ndi mawu angati oti inene? Madzi afika pati, pampu ikuyenda kapena yaima, basi. Uthenga wotere sufika ndi zilembo 20 zomwe. Tinene kuti kachipangizo kali pa thankipo kakutumiza uthengawo mphindi 15 zilizonse, usana ndi usiku. Pa tsiku akhala mauthenga 96, ndipo mwezi wathunthu zonse pamodzi sizipitirira 60 kB. Chithunzi chimodzi cha mdzukulu chobwera pa WhatsApp kawirikawiri chimalemera kuposa pamenepo. Tsopano taganizirani kamera imodzi yoyang'ana pa mphambano ya msewu, yotumiza zithunzi zoyenda pa 2 Mbps osapuma. Imeneyo imameza kupitirira 20 GB pa tsiku limodzi. Thanki ndi kamera zonse zimalembedwa m'mapulani a mizinda yamakono, koma zofuna zake zimasiyana kutalitali. Kugula 5G kapena Starlink chifukwa cha thanki kuli ngati kuchita hayala lole ya matani 30 kuti ikakutengereni mulu umodzi wa tomato ku Mbare Musika. Tomatoyo afika ndithu, koma mulira polipira.

Ife a ntchitoyi tisanasankhe njira timafunsa kaye kuti uthengawo ndi wolemera bwanji, uyende mtunda wotani, ndipo kachipangizoko moto kaupeza kuti. Mayankho ake ndi amene amasankha, osati dzina limene lili m'kamwam'kamwa chaka chimenecho.

Mauthenga onse opanda waya amayenda pa mafunde a wailesi, a mtundu womwewo umene umabweretsa nyimbo mu wailesi ya kukhitchini. Amasiyana kutalika. Mafundewa amatchulidwa ndi manambala a MHz kapena GHz (1 GHz ndi 1,000 MHz), ndipo nambalayo ikamakwera funde limafupika. Pa 868 MHz funde limodzi limatalika pafupifupi masentimita 35. Pa 3.5 GHz, pomwe 5G ya m'maiko ambiri imayenda, silifika masentimita 9. Pa 26 GHz, 5G yaliwiro loopsa ija imene amaonetsa potsatsa malonda, ndi sentimita imodzi ndi kapamwamba pang'ono. Funde lalitali limazungulira nyumba, limalowa khoma la njerwa, limafika kutali, kungoti kumeneko malo ndi opanikizika, simungadutse katundu wambiri. N'chifukwa chake mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba, mogwirizana ndi MACRA, anayesa kufikitsa intaneti ku sukulu ndi ku chipatala cha kutali pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi yakanema amene anali kungokhala: anafuna mtunda, osati liwiro. Funde lalifupi lili ndi malo ambiri koma limafooka msanga. Khoma limaliimitsa, masamba a mitengo amalidya, mvula yamphamvu ya mu Januwale imalichepetsa mphamvu. M'misewu ya ku Avenues, mitengo ya jakaranda ikavala masamba, 26 GHz ingafune kansanja pafupifupi pa ngodya iliyonse, ndipo kansanja kalikonse kakufuna magetsi ake ndi waya wa fayiba wokwiriridwa pansi. Anthu amaiwala zimenezi, kuti mbali yopanda waya ndi kamtunda komaliza kokha. Kumbuyo kwake kuli ngalande zokumbidwa ndi mapiki.

5G ilipo kale mumzinda muno. Kampani ya mafoni ya Econet inaikhazikitsa ku Harare mu Febuluwale 2022, kuyambira m'malo ochepa. Ntchito yake ilipo ndipo sindikuinyoza. Imapereka intaneti yothamanga ku nyumba ndi maofesi kumene fayiba sinafike. Imapirira khamu, monga anthu akadzaza ku bwalo la mpira la Rufaro aliyense foni m'manja. Imanyamula makamera. Amene anaikonza anafuna kuti uthenga uzitha kufika m'kachigawo kamodzi ka magawo 1,000 a sekondi, ndi kuti tizipangizo 1 miliyoni tizitha kulumikizidwa pa malo a kilomita imodzi mbali zonse zinayi. Zimenezo n'za mafakitale a makina oyankhulana okhaokha ndi magalimoto odziyendetsa, osati thanki imene imatenga maola kuti idzaze. Ndipo nachi chinthu chimene mnyamata wanu angakonde kumva: ngakhale m'malamulo a 5G momwemo, ntchito ya tizipangizo ting'onoting'ono tosadya moto inasiyidwa m'manja mwa njira ziwiri zimene zinabadwira mu 4G, NB-IoT ndi LTE-M. Kudikira 5G ndiye kudikira chinthu chimene chidzakubwezereni ku zomwe zinalipo kale. Mukadzaipeza, adzakuuzani za 6G, imene akuiyembekezera cha m'ma 2030.

Njira zimene zimagwira ntchito yeniyeni m'mizinda sizitchuka pa wailesi. Imodzi ndi LoRaWAN. Luso lake linayambira ku kakampani ka ku France kotchedwa Cycleo, kamene Semtech inagula mu 2012, ndipo mu 2015 makampani anapanga bungwe la LoRa Alliance loyang'anira malamulo ake kuti aliyense azitha kupanga zipangizo zomvana. Kachipangizo ka LoRaWAN kamakhala kali mtulo pafupifupi nthawi yonse. Nthawi ikakwana kamadzuka, kuyeza, kutumiza uthenga kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kugonanso. Liwiro lake n'loseketsa, kuyambira 0.3 kufika 50 kbps, moti chithunzi sichingadutse bwinobwino, koma batire limodzi limatha kukhala zaka zingapo osasintha. Uthengawo umalandiridwa ndi kabokosi kokhala ndi mlongoti, kotchedwa gateway, kamene kamaikidwa pamalo okwera. Mkati mwa nyumba zothithikana kamamva makilomita awiri mpaka asanu, pamtetete kupitirira 10. Mu 2015 gulu la anthu odzipereka lotchedwa The Things Network linakuta mzinda wonse wa Amsterdam ndi ma gateway pafupifupi 10 okha, m'masabata ochepa. Amsterdam ndi wathyathyathya. Kwathu kuno kum'mawa kwa mzinda kuli timapiri ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndipo mwala wotero funde siliuboola, choncho kabokosiko kakamakwera m'mwamba m'pamene kamathandiza. Ubwino wa LoRaWAN ndi woti tizipangizo sitifuna simukhadi ndipo simulipira kampani ya mafoni pa kalikonse. Kuipa kwake, netiwekiyo ndi yanu, ikadwala sing'anga ndinu nomwe. Palinso malire: m'malamulo a ku Ulaya, amene zipangizo zambiri za 868 MHz zimatsatira, kachipangizo kamaloledwa kuyankhula gawo limodzi mwa magawo 100 a nthawi, kutanthauza masekondi 36 pa ola. Kwa thanki zimenezo n'zokwana n'kutsalako.

NB-IoT inakhazikitsidwa mu 2016. Iyo imakwera pa nsanja za 4G za kampani ya mafoni, m'kampata kakang'ono ka 180 kHz, ndipo inakonzedwa dala kuti izifika malo obisika, monga mita ya madzi imene ili m'dzenje la simenti lovundikiridwa. Imafuna simukhadi, mumalipira, ndipo imagwira pokhapo kampaniyo itaiyatsa pa nsanja ya m'dera lanu. LTE-M ndi m'bale wake wothamangirapo pang'ono, woyenera zinthu zoyendayenda monga magalimoto otola zinyalala. Wi-Fi, Bluetooth ndi Zigbee n'za m'nyumba ndi pabwalo, mamita makumi angapo basi. Palinso njira yoti nyale za mumsewu zizipatsirana uthenga, ina kwa inzake mpaka kukafika ku ofesi, ndipo imagwira bwino kumene nyalezo zimayaka. Kumene mawaya a nyale anazulidwa kalekale ndi akuba, palibe chopatsirana.

Sigfox ndiitchule ngati chenjezo. Inali njira yabwino, ya ku France nayonso, yonyamula zilembo 12 pa uthenga, mauthenga osapitirira 140 pa tsiku. Koma luso lonse linali m'manja mwa kampani imodzi. Mu Januwale 2022 kampaniyo inathawira kukhoti chifukwa cha ngongole, ndipo mu Epulo chaka chomwecho inagulidwa ndi UnaBiz ya ku Singapore. Netiweki sinazime, koma amene anali atakwirira zipangizo zake zikwizikwi m'misewu anakhala miyezi ija mitima ili m'mwamba.

Phunziro lalikulu pa nkhani ya zaka lili m'nyumba mwanu momwemo. Mita yolipiriratu ya ZESA, kampani ya boma ya magetsi, imene inayamba kufalikira mu 2012, m'makomo ambiri ilibe wailesi iliyonse. Mbali yopanda waya ndi foni yanu: mumagula magetsi, manambala 20 amabwera, inu n'kuwalowetsa ndi chala, mwina mutakwera pampando, tochi kukamwa. Mkati mwa manambalawo mumabisala kachiwerengero kowerenga mphindi kuchokera pa 1 Januwale 1993, kuti nambala imodzi isagwiritsidwe ntchito kawiri. Kachiwerengeroko kanali ndi malire, ndipo kanadzaza pa 24 Novembala 2024. Ndiye chifukwa chake mamita a mtundu umenewu, kuno, ku Malawi, ku South Africa ndi maiko ena, anafunika kulowetsedwa manambala apadera tsikulo lisanafike, imodziimodzi, ndi manja. Chimene akatswiri anasankha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinadzagogoda pakhomo panu patapita zaka zoposa 30. Foni mumasintha pakapita zaka zitatu kapena zinayi, koma mita, pampu ndi nyale ya mumsewu zimakhala zaka 15 kapena 20, kupitirira moyo wa makampani ambiri ogulitsa. Mamitawo akanakhala ndi wailesi, ntchito ija ikanachitikira ku ofesi tsiku limodzi. Komanso wailesi yomweyo ikanapatsa wa ku ofesiyo mphamvu yodula nyumba yanu ali pampando. Zonse ziwiri zimabwera m'bokosi limodzi.

Tsopano nkhani ya moto, imene kwa ine ndiye mutu weniweni ku Harare. Mukukumbukira 2019, ndiponso kumapeto kwa 2022, madzi atatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi akumapita mpaka maola 18 pa tsiku. Makina awiri atsopano opangira magetsi a ku Hwange anawonjezera 600 MW mu 2023, koma chilala cha 2024 chinatibwezeranso mumdima. ZESA ikapita, nsanja ya foni imayamba kudya mabatire ake, kenako jenereta ya dizilo ngati ilipo, ndipo mabatirewo akuba amawakonda kwambiri. Nsanja imodzi ikazima, mafoni onse amathamangira ku yoyandikana nayo, ndipo m'pamene mumaona timizere ta netiweki tili bwinobwino koma uthenga sukutuluka. Kuwonjezera 5G pa nsanja n'kuwonjezera zida zodya magetsi. Maloboti a pamsewu amene amawerenga magalimoto n'kudzisintha okha ndi abwino, koma loboti yozima ndi yozima basi, kaya ili ndi nzeru zotani mkati, ndipo pa mphambano pamakhalabe mpungwepungwe wa makombi ndi timagalimoto tonyamula anthu totchedwa mushikashika. Pulani iliyonse ya mzinda wamakono imene siyamba ndi sola ndi mabatire pa chipangizo chilichonse, ine ndimaiwerenga ngati nthano. Apa m'pamene tizipangizo togona tija timapambanira. Gateway ya LoRaWAN imadya mawati osapitirira 10, kasola kamodzi n'kokwana.

Mukandifunsa kuti mzinda uno uyambire pati, ndinena madzi, osati makamera kapena nyumba zagalasi za mzinda watsopano umene akufuna kumanga ku Mount Hampden. Madzi ambiri a Harare amachokera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, kumadzulo, kumene amatungidwa m'nyanja za Chivero ndi Manyame. Tafara ndi Mabvuku zili kum'mawa, kumathero kwenikweni kwa mapaipi, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti mipope ya kumeneko yakhala youma kwa zaka. Gawo lalikulu la madzi oyeretsedwa limathera m'njira, m'mapaipi okalamba obooka ndi m'malumikizidwe osalembetsa, osafika pa bilu ya munthu aliyense. Paipi ikaphulika pamsewu aliyense amaona. Zovuta ndi zodontha pansi pa nthaka, zimene zimatha zaka osadziwika. Njira yozisakira ndi yakale ndithu: mzinda umagawidwa m'timadera, pakhomo pa kadera kalikonse n'kuikapo mita yaikulu, ndipo mumayang'ana madzi olowa pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku, anthu ali mtulo. Ngati nthawi imeneyo madzi akulowabe ambiri, ndiye kuti akupita pansi. Kale munthu ankayenera kukawerenga mita imeneyo usiku ndi tochi. Lero kachipangizo ka batire kamatumiza chiwerengerocho kokha, ndipo uthenga wake ndi waung'ono ngati wa thanki yanu uja.

Kwathu kuno pali china choopsa kuposa kutayika kwa madzi. Paipi yodzaza imakankhira madzi kunja pamene yabooka. Paipi imene yatsekedwa n'kuuma imachita zosiyana, imayamwa zimene zili m'nthaka, ndipo ngati suweji yaphulika pafupi, zonyansazo zimalowa n'kudzatuluka pa mpope tsiku limene madzi abwera. Kolera ya 2008 ndi 2009 inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 4,000, Budiriro ili pakati pa madera ovutika kwambiri, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Tizipangizo toyeza mphamvu ya madzi m'mapaipi tingasonyeze msewu umene wauma ndi nthawi yake. Tina toikidwa pansi pa zivundikiro za suweji tingachenjeze madzi oipa akayamba kukwera, asanasefukire pabwalo pomwe ana amasewera. Izi sizifuna 5G ngakhale pang'ono. Koma ndisakunamizeni. Uthenga ukafika ku ofesi kopanda galimoto, kopanda dizilo, kopanda paipi yosinthira, palibe chimene chakonzeka. Anthu a ku Glen View safuna kachipangizo kuti adziwe kuti suweji yaphulika, mphuno zimawauza, ndipo amakanena. Chimene chimachedwa si uthenga.

Mamita a madzi olipiriratu, okhala ndi kotsekera koyendetsedwa patali, ndiwo amene ogulitsa amakonda kubwera nawo poyamba, chifukwa ndiwo amalowetsa ndalama. Musanawombe m'manja funsani zinthu ziwiri. Kumene madzi amabwera mwa apo ndi apo, mpweya umatsogola m'paipi, ndipo mamita ena amauwerenga ngati madzi. Chachiwiri, gawo 77 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi aukhondo, ndiye payenera kumveka bwino chimene chimachitikira gogo amene mayunitsi amuthera pakati pa mwezi.

Za maulendo ndidutsa mwachangu. Ku Nairobi, mu 2013 ndi 2014, ophunzira a pa yunivesite anakwera ma matatu ali ndi mafoni wamba a GPS m'matumba, n'kujambula mapu oyamba athunthu a njira zonse za minibasi mumzindamo. Sanadikire netiweki yatsopano. Makombi a m'madepoti a Copacabana, Market Square ndi Fourth Street angatsatidwe chimodzimodzi ndi zimene zilipo kale.

Makamera ndiwo amafunadi 5G kapena fayiba, ndipo ndiwonso amafuna kuti anthu atsegule maso. Mzinda wa San Diego ku America unaika makamera pa nyale za mumsewu zikwi zingapo, ponena kuti ndi owerengera magalimoto ndi malo oimikapo. Kenako zinadziwika kuti apolisi ankatenga zithunzizo pa milandu anthu osauzidwa, phokoso linabuka, ndipo mu 2020 ntchitoyo inaimitsidwa. Ngakhale mita ya madzi ya pakhomo, ikamatumiza chiwerengero ola lililonse, imaulula nthawi imene mumadzuka ndi masiku amene nyumba ili yokha mutapita ku maliro kumudzi. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza nkhani za anthu la 2021, ndipo POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mafunde a wailesi, ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira. Makhansala akabwera ndi mapulani otere ku msonkhano wa m'dera, afunseni kuti zimene zasonkhanitsidwazo azisunga ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani angazione.

Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu Seputembala 2024. Masetilaiti ake amazungulira pafupifupi makilomita 550 kumwamba, pamene akale aja amakhala pa makilomita 35,786, n'chifukwa chake imayankha msanga. Ndi mdalitso weniweni kwa sukulu kapena chipatala cha kumudzi kumene kulibe nsanja. Mumzinda nkhani imasintha, poti anthu onse a dera limodzi amagawana mphamvu imodzi yochokera kumwamba, ndipo patangopita masabata ochepa chiyambireni, malo a ku Harare anadzaza, olembetsa atsopano n'kuyamba kudikira. Mbale yake yaikulu yolandirira mafunde imadya mawati 50 mpaka 100 usana ndi usiku, ndipo mwezi uliwonse imafuna madola. Thanki yanu singamalize ngakhale kadontho ka zimene mungalipirezo. Ngati tchalitchi kapena sukulu ya pafupi ili nayo kale, ingathandize kunyamula mauthenga a gateway, koma poyambira si pamenepo.

Nanga inu mutani? Pa chitsime chimodzi, gulani kabokosi kokhala ndi simukhadi wamba, kogwira 4G ya mtundu wotchedwa Cat-1 ndi 2G yomwe, kotumiza SMS. Ndikunena SMS dala, chifukwa imafika ngakhale pa kafoni ka mabatani, sifuna bandulo ya intaneti, ndipo nthawi zambiri imadutsa pamene WhatsApp yakanika. Kabokosi ka 2G yokha n'kotchipa, koma maiko ambiri ayamba kuzimitsa 2G ndi 3G, ndiye musakwirire ndalama pa chinthu chimene masiku ake akuwerengeka.

Choyezera madzi chili cha mitundu ingapo. Chosavuta kwambiri ndi kampira koyandama kolendewera pa waya mkati mwa thanki: madzi akatsika kamapendekeka, kusonyeza kuti afika pamlingo umene munaika. Sikanena zambiri koma sikafa wamba. China chimamatidwa kunsi kwa chivundikiro, chimaponya kaphokoso kosamveka m'makutu n'kuwerenga nthawi imene kabwerere kuchokera pamadzi. Chimenechi chimapereka mlingo weniweni, koma m'mawa wozizira wa mu Juni mame amadzadza pankhope pake, dontho limodzi n'kuchinamiza kuti thanki yadzaza pamene ili pakati, ndipo akangaude amakonda kuluka pomwepo. Chachitatu chimamangidwa pa paipi yotulukira pansi n'kumayeza kulemera kwa madzi, pafupifupi 0.1 bar pa mita iliyonse ya kuya kwake. Ine ndingasankhe chachitatuchi, n'kuwonjezera kampira kaja ngati mlonda wachiwiri. Muikenso koyeza ngati pampu ikukoka moto. Dzuwa lili pamutu koma pampu ili zii, pamenepo pali vuto, mwina waya wadulidwa, mwina madzi a pansi atsika monga amachitira mu Okutobala, ndipo pampu yoyenda popanda madzi imapsa.

Mapampu ambiri a sola alibe batire, amayenda dzuwa likawala basi. Choncho kabokosiko kakhale ndi kasola ndi kabatire kakekake, apo ayi kazigona dzuwa likalowa, pamene inu mukufuna kudziwa za madzi 4 koloko m'mawa mzere usanayambe. Mukakatsekera m'khola lachitsulo poopa akuba, kamlongoti kake katulukire kunja, poti chitsulo chimatsekereza mafunde. Timabowo tonse mutseke, mavu ndi nyerere zisamangemo. Thanki ili pamwamba pa chitsulo ndi malo okondedwa ndi mphezi za kuno, ndiye waya wopita m'nthaka usaiwalike. Kabokosiko musakalole kulongolola tsiku lonse, anthu amatopa n'kusiya kuwerenga. Kazinena madzi akatsika pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu, pampu ikaima masana, ndi kamodzi m'mawa kuti mudziwe kuti kali moyo. Uthengawo uzipita kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo m'buku la komiti mulembe amene ayenera kudzuka ukafika. Simukhadi imalembetsedwa ndi chitupa cha munthu, ndiye mugwirizane poyera kuti ikhala m'dzina la ndani, chifukwa munthuyo akadzasamuka kapena mukadzayambana mudzagwira njakata. Muziithiranso timayunitsi nthawi ndi nthawi, popeza simukhadi yongokhala imatsekedwa. Mnyamata wanu mumupatse ntchito imeneyi. Makomiti ena a ku Tafara, Mabvuku ndi Caledonia akadzafuna zomwezi, zitsime zikafika 10 kapena kuposa, pamenepo gateway imodzi ya LoRaWAN padenga la tchalitchi idzayamba kutchipa kuposa masimukhadi ambirimbiri, ndipo pulogalamu yoyendetsera netiweki yotere, ChirpStack, ndi yaulere. Adzasamale pogula pa intaneti: zipangizo zopangira msika wa ku America zimayenda pa 915 MHz, pamene kuno pali mafunde a mafoni, ndipo chida chilichonse cha wailesi chiyenera kukhala chovomerezedwa ndi POTRAZ.

Pampu izidziyatsa ndi kudzizimitsa yokha ngakhale netiweki kulibe. Mu Januwale 2019 intaneti inatsekedwa m'dziko muno kwa masiku angapo, ndipo madzi a anthu sayenera kudalira kompyuta imene ili ku dziko lina. Kumbukiraninso kuti kabokosi kamayeza kuchuluka kwa madzi, osati ukhondo wake. Madzi a chitsime cha mumzinda amaoneka oyera ali ndi tizilombo, choncho kukawayezetsa ndi kuthira klorini zipitirire monga kale.

Wogulitsa akabwera mumufunse kuti kampani yake itatsekedwa mawa, kabokosiko kapitiriza kutumiza SMS ku mafoni anu kapena kafera pomwepo. Mumufunse ngati mungasinthe simukhadi n'kuikamo ya kampani ina, ndiponso ngati batire lake limapezeka m'masitolo a mu tawuni. Akakuuzani za NB-IoT, kampani ya mafoni itsimikize polemba kuti ikugwira pa nsanja ya kwanuko. Ndipo musalipire ndalama zonse asanakayesere pa thanki pomwepo, madzulo cha m'ma 7 koloko, tsiku limene ZESA yapita ndipo aliyense ali pa foni. Akakana kuyesa nthawi imeneyo, funani wogulitsa wina.